Sidi ya M'chitini cha Mabisiketi

Ndinaipeza tikusamuka ku Chikanda,
m'chitini cha mabisiketi, pansi pa malisiti a madzi
ndi mabatani a malaya amene anatha kalekale:
sidi yokandikakandika ngati kunsi kwa poto,
pamwamba pake dzanja la malume Fanuwelo,
inki yofiira: ZOJAMBULIRA. OSABWEREKA.

Malume anali ndi kafe ya intaneti kufupi ndi depoti,
makompyuta anayi, imodzi yokhosomola.
Tsamba linkatsika mwaulesi
ngati nkhungu ya ku Chawe mwezi wa Juni,
mutu kaye, kenako mapewa,
munthu n'kutuluka kukagula chimanga chootcha, n'kubwera,
n'kupeza chithunzi chikadali m'chiuno.

Laputopu yanga ndi yadzana, yopyapyala ngati kope,
ilibe n'pakamwa pomwe podyera sidi.
Ndinakabwereka kachipangizo kwa Asiyatu ku Matawale.
Inalira, inazungulira, inaganiza,
kenako n'kundiyankha ndi ulemu wa mu ofesi:
pepani, ameneyu sitikumudziwa.

Usiku utatu.
Ndinamanga kakompyuta kabodza m'mimba mwa yeniyeniyo,
kachipinda kakuseri, kogona alendo okalamba,
n'kuinamiza pulogalamuyo kuti chaka sichinasinthe,
kuti malume akadali pa kauntala kuwerenga makobidi.
Magetsi anathima kawiri. Ndinatukwana kamodzi.
Lachinayi m'bandakucha, tambala wa aneba atayamba,
kawindo kotuwa kanatseguka
pakati pa sikirini yotakasuka ngati bwalo la mpira,
kamanyazi, ngati mwana wa fomu wani tsiku loyamba.

Mitundu 256 basi, osapempha yoonjezera.
Ndinajambula phiri lathu.
Linatuluka la timabokosi, m'mbali mwake masitepe,
mapaini ngati mano a sowo,
damu la Mulunguzi timadontho tabuluu ndi toyera
popeza mtundu weniweni wa madziwo mulibe.
Pulogalamu imeneyi siidziwa kunama.
Chimene ilibe imangowaza pang'onopang'ono
monga achitira munthu ndi mchere wa kumapeto kwa mwezi.

Ndinapanganso kabatani, kutalika ngati chala cha khanda,
mawu othwanima: TAKULANDIRANI,
kuyaka, kuthima, kuyaka.
Asiyatu anagwa nako kuseka:
awa ndiye magetsi athu enieni!
Kenako anatulutsa foni. Ungoiuza mawu atatu, anatero,
ikujambulira phiri losalala, mitambo, ndi mbalame zomwe.
Zoona, linali lokongola phirilo.
Koma sindinadziwe kuti basi yopita kumeneko
imakwereredwa pati.
Langali kadontho kalikonse ndinakaika ndekha:
aka kakuda pa msewu wokhota
ndi mnyamata wotsetsereka ndi njinga yodzaza nkhuni,
aka kofiira ndi mbale ya mabulosi
imene mwini wake akuthamangira nayo galimoto.

Ndisanatseke ndinaona kafayilo kena pa sidiyo,
deti lake Okutobala 2004,
miyezi iwiri malume asanagonekedwe kuchipatala chachikulu.
Ndinadina.

Kamunthu kachikasu, fosholo m'manja,
kuwerama, kudzuka, kuwerama,
dothi lake timabokosi titatu tosatha.
M'munsi mwake:
TSAMBA LINO LIKUMANGIDWA. MUBWERENSO.

Zaka makumi awiri kali mumdima wa chitini,
fosholo ili m'mwamba,
kudikira wina woti adine.

Asiyatu anasiya kuseka, anapita kukatereka madzi.

Sindinakakonze.
Sindinakasalaze m'mbali, sindinakapatse nkhope.
Ndinangokaika pakona pa tsamba langa,
m'tsinde mwa phiri, pafupi ndi wa nkhuni uja,
n'kuonjezera kuwala kwa sikirini
ngakhale batire linali litafiira.

Kunja ma kabaza ayamba kuimba mabelu.
Kamunthu ka malume
kakukumbabe.